Tebulo Silinapendekeke

Zikomo atsogoleri, zikomo nonse amene mwatsalira Misa itatha. Musaombe m'manja, palibe chimene ndapambana. Mundilole ndilankhule nditakhala pansi, sabata yonseyi ndakhala ndikusenza njerwa ndipo msana wandikana.

Ndine Damiano. Kwathu ndi ku Mphunzi, koma ndinakwatira kuno, mudzi wa kuseri kwa phiri uko, ulendo wa ola limodzi kuchoka pamsika wa Mayani. Ndinalowa chikamwini ngati anzanga ambiri muli pano. Dzina la Damianoli ena mukulimva lero. Inu mumandidziwa kuti Nguli, uja wa pa tebulo la pulu. Ndikuona nkhope zingapo zimene zinandigulirapo mowa zitagonja. Musawerame, sinditchula munthu. Ndabwera kudzanena za ine ndekha, mmene ndinachokera pakhomo pa akazi anga ndi bulangete limodzi ndi ndodo ya pulu, komanso pamene ndafika lero. Ndineneretu kuti pamene ndafikapo si patali kwenikweni, kuti wina asayembekezere chozizwitsa.

Kuti mumve bwino kugwa kwanga muyenera kudziwa chimene ndinkachidziwa, chifukwa sindinagwe ndi umbuli ayi. Pa pulu aliyense amatha kumenya mpira woyera pamchombo, n'kuyenda molunjika. Ine luso langa linali kuumenya cham'mbali kuti uziyenda ukuzungulira. Timati sipini. Ndiko kunachokera dzina la Nguli. Tsono mpira wotero uli ndi makani ake. Ukaumenya chakumanja, poyamba umathawira kumanzere pang'ono, kenako nsalu ya tebulo ikaugwira umakhota n'kubwerera kumanja. Ndiye sungaloze penipeni pamene ukufuna. Umaloza pambali pang'ono, ife timati kuba, mwina kuba ngati chikhadabo, mwina ngati chala chathunthu, n'kuusiya mpirawo udzipezere njira.

Kubako kulibe muyeso umodzi. Tebulo la mu Okutobala, nsalu itauma, fumbi lili mbuu, si tebulo la mu Juni, chifunga chitalowa m'nyumba nsalu n'kuchita chinyontho. Pa chinyontho nsalu yakale imaugwira msanga mpira, umabwerera msanga, moti umaloza pafupifupi molunjika. Pa nsalu yatsopano, yoterera, mpira umangotsetsereka, kubwerera kwake kumachedwa, mwina osabwerera n'komwe, ndiye pamenepo uyenera kuba kwambiri. Mipira ikada ndi thukuta ndi choko imakokana pogundana, wina n'kupatuka njira. Kumenya mwamphamvu ndi kumenya mofatsa nakonso n'kosiyana. Zonsezi palibe anandiphunzitsa. Ndinaziphunzira ndi maso, zaka ndi zaka, anzanga ali kumunda.

Ndinali ndi lamulo langa, ndipo ndinkaliphunzitsa aliyense wofuna kumva. Usanasewere pa tebulo lililonse, ngakhale limene unasewerapo dzulo lomwe, lipatse moni. Sisita nsalu ndi chikhatho. Gubuduza mpira woyera pang'onopang'ono uone ngati ukupatuka. Kenako menya katatu ndi sipini, mofatsa, mwapakati, mwamphamvu, uone pamene ukubwererera. Ndinkati, "Tebulo ndi pakhomo pa apongozi, sulowa osaodira." Anthu ankaseka, koma ankagonja.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine sukulu inandikana, khasu ndinkaligwira mokakamizidwa, koma ndikagwira ndodo anthu ankasiya zogula zawo kudzasuzumira pawindo. Ndipo lamulo la pa tebulo mukulidziwa, wogonja agula. Ine sindinkagonja. Ndiye tangoganizani munthu amene mowa ukumupeza waulere kuyambira m'mawa. Poyamba linali Loweruka lokha. Kenako tsiku la msika. Kenako tsiku lililonse limene Mulungu walenga. Mowa wa m'botolo unasanduka kachasu, poti ogonja anga sanali anthu olemera.

Ndinkadzuka ndi khasu paphewa ngati munthu, n'kutsazika akazi anga, a Nankhoma, kuti ndikupita kudimba. Pamphambano ndinkakhotera kumsika. Khasulo ndinkaliimika kuseri kwa chitseko cha nyumba ya pulu, ndipo tsiku lina ndinaliiwala komweko mpaka linachita dzimbiri. Kachewere wa chaka chimenecho analima okha a Nankhoma. Chaka chotsatira analimanso okha. Nyumba imene ndinawamangira pokwatira inang'ambika khoma la mbali imene mvula imawomba, ine ndinalonjeza kukonza madzinja atatu, iwo anatsekapo ndi thumba la feteleza. Tsiku limene mwana wathu Tereza ankalandira Ukaristia woyamba m'tchalitchi chomwechi, ine ndinali pa tebulo. Belu ndinalimva, ndinati ndimalize gemu iyi. Ndinafika anthu akutuluka, ndikununkha, ndipo mwanayo atandiona anabisala kumbuyo kwa mayi ake ndi diresi lake loyera. Zimenezo sindikonda kuzikamba.

Manja anayamba kunjenjemera m'mawa. Ndinapeza mankhwala ake, kapu imodzi ndisanagwire ndodo, dzanja n'kukhala bata. Kenako makapu awiri. Ndipo ndinayamba kuphonya. Osati kwambiri, mpira umodzi apa, wina apo. Ndikaphonya chifukwa chinkapezeka nthawi zonse: choko chanyowa, ndodo yapindika, wina watsokomola, tebulo lapendekeka. Moni uja wa tebulo ndinasiya kupereka. Ndinkati ndi wa ophunzira.

A Nankhoma si munthu wolongolola. Akanakhala wolongolola mwina ndikanamva. Kapena ndikunama, sindikanamva. Anangopita kwa malume awo, a Gervazio, amene ndiwo eni mbumba, n'kunena kuti atopa. A Gervazio ambiri mukuwadziwa, mmisiri womanga nyumba uja woyenda ndi chikwama chakutha, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anatumiza mawu ku Mphunzi, achimwene anga amene ndi nkhoswe yanga anabwera, ndipo anagwirizana kuti Loweruka masana tikhale pansi pa nkhani ya banja langa. Tanthauzo lake ndinkalidziwa. Mkamwini akamuitanira ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ayambiretu kuyang'ana pamene pali bulangete lake.

Tsono Loweruka lomwelo m'mawa kunali mpikisano wa pulu pa Mayani, wopambana atenga mbuzi. Imvani nzeru za munthu woledzera. Ndinati ndikapambane mbuziyo, ndifike nayo pamaso pa ankhoswe ndikuikoka pachingwe, aone okha kuti pulu amadyetsa banja. Ndinkachita kuwaona m'maso mwanga apongozi akumwetulira. Zaka zonse zimene ndinawononga ndinkafuna kuzikwirira ndi mbuzi imodzi.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa Dedza kwenikweni, chifunga chili pansi, kamvula kakuwaza. Ndinalawirira, osati kudzapatsa tebulo moni, koma kudzamwa makapu anga awiri kuseri. Nditalowa, mwini malo anandiuza kuti, "A Nguli, mwaona? Taika nsalu yatsopano dzulo, ya mpikisano. Iyeseni kaye."

Ndinayankha kuti, "Nsalu ndi nsalu. Ayese ophunzira."

Maere anandigwera kuti ndiyambe ndi mphunzitsi wina wa ku Lobi, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira ndodo pamene ankagwira ntchito kuno. Ndinamuona akusisita nsalu ndi chikhatho. Ndinamuona akugubuduza mpira woyera. Anamenya katatu, mofatsa, mwapakati, mwamphamvu, n'kugwedeza mutu. Ine ndinali pabenchi ndikumuseka, ndikuuza anthu kuti aphunzitsi akulifunsira ukwati tebulo.

Gemu inayenda. Mipira yolunjika ndinalowetsa. Iwiri ya sipini ndinaphonya, ndinati ndi phokoso la anthu. Mpaka tonse awiri tinatsala pa wakuda, ndipo womenya ndinali ine. Mpira wakuda unali chapafupi ndi bowo la pakona, woyera uli kutali, kumapeto ena a tebulo. Kuumenya pamchombo, woyerawo ukanagunda wakuda n'kukagwera m'bowo la pakati, ine n'kugonja. Pankafunika sipini ya kumanja, mofatsa. Mpira umenewo ndaumenya kosawerengeka pa moyo wanga. Ndinayang'ana pawindo, ndinaona chifunga, mutu unandiuza kuti lero ndi chinyontho, nsalu igwira msanga, loza molunjika. Chifungacho chinalipodi. Koma nsalu imene mutu wanga unkaikumbukira inali itakulungidwa panja, pafupi ndi pamene anamangirira mbuzi ija.

Ndinamenya. Mpira unathawira kumanzere monga mwa nthawi zonse. Ndinadikira kuti ubwerere. Abale, kamphindi kameneko ndimakalotabe. Unangotsetsereka, ukuzungulira bwinobwino, wokongola, osabwerera. Unakhudza wakuda m'mphepete, wakudawo unagunda mlomo wa bowo n'kuima pomwepo, poti ngakhale nkhuku ikanaulowetsa. Mphunzitsi uja sanasekerere. Anawerama, analowetsa, n'kunena kuti, "Pepani, aphunzitsi anga."

Pamenepo ndinayamba kulalata. Ndinati tebulo lapendekeka. Ndinati poika nsalu alipendeketsa dala kuti mbuzi ipite ku Lobi. Ndinamenyetsa ndodo pansi, ndinatukwana mwini malo mpaka kutchula amayi ake. Anthu anandizungulira, ena akundigwira malaya. Ndili mkati molalata ndinamva mawu ofatsa kumbuyo kwanga.

"Akamwini, tapatukani pang'ono."

Anali a Gervazio. Ankachokera kumene ankamanga, ndipo m'malo molunjika kumudzi kukandidikira anadzera pamsika, podziwa kumene ndingapezeke. Anaima pakhomo nthawi yaitali bwanji sindidziwa. Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa levulo, kathabwa kaja ka amisiri kokhala ndi kagalasi ka madzi, mkati muli kathovu. Malo akakhala olingana kathovuko kamaima pakati pa mizere iwiri.

Anaiika pa tebulo cham'litali. Kathovu kanayenda pang'ono n'kuima pakati. Anaiika chopingasa. Pakati. Anaiika pamene panali mpira woyera, kenako pamene unadutsa, kenako pakona pa bowo lija. Sankafulumira, ankachita ngati ali pa maziko a nyumba ya munthu. Kunkangomveka mbuzi ikulira panja.

"Tebulo lili bwino," anatero. Kenako anati, "Tatambasulani dzanja."

Ndinatambasula, poti malume a akazi ako suwakanira pagulu. Anandiika levulo pachikhatho. Kathovu kaja kanayamba kuthamanga, uku ndi uku, uku ndi uku, kathabwa kakugogoda mphete yanga ya ukwati moti aliyense ankamva. Ndinaumitsa mkono. Ndinagwira mpweya. Ndinachirikiza ndi dzanja linalo. Kanapitirizabe kuvina. Makapu awiri aja anali atatha mphamvu, ndipo dzanja limene ndinkalitama pa Mayani ponse linali dzanja la nkhalamba yodwala.

Bola akanaseka. Munthu akakuseka umapeza pomukwiyira. Palibe anaseka. Anthu amene ankasiya zogula zawo kudzandionerera anayang'ana pansi, ena anatuluka. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali kutopa. Ndinazindikira kuti ndinatopa kalekale, kutopa ndi kufunafuna zifukwa. Tebulo linali litasinthadi, zimenezo n'zoona, koma munthu woyenera kudziwa zimenezo pa Mayani ponse ndinali ine, ndipo mwini malo anachita kundiuza pakhomo.

A Gervazio anatenga levulo yawo, anaipukuta ndi malaya, n'kuibweza m'chikwama. "Tiyeni, akutidikira." Potuluka anaona khasu langa lija kuseri kwa chitseko. Anayang'ana mpini, n'kunena kuti, "Uwu ndinasema ndine." Analinyamula okha, ine ndinanyamula ndodo.

Tinayenda ola lija mpaka kumudzi. Pamaso pa ankhoswe sindinakane kanthu. Achimwene anga anayesa kundipepesera, akuti munthu amalakwa, akuti andikhazika pansi okha. A Nankhoma anadikira onse amalize, kenako analankhula akuyang'ana manja awo.

"Ine sindikudana nawo bambo a Tereza. Koma ndalima ndekha, ndafolera ndekha, ndalera ndekha. Ngati ndili ndekha, ndikhale ndekha ndikudziwa, osati kumaphikira anthu atatu mbale ina n'kumazizira. Apite kwawo."

Achimwene anafunsa ngati akutanthauza kuti banja latha. A Nankhoma anati, "Sindinatero. Ndati apite." Mawu amenewo ndinawanyamula pamodzi ndi bulangete ndi ndodo yanga, ndipo ndayenda nawo zaka ziwiri ndi miyezi tsopano.

Ndifike pa za kudzuka, poti ndi zimene mwandiitanira. Njira ya chidule ndilibe.

Ku Mphunzi ndinayesa kusiya mowa mwadzidzidzi, ndekha, mwaukali. Tsiku lachitatu ndinkaona zinthu zikuyenda pakhoma, thupi lonse likugwedezeka, mpaka achimwene anandikweza panjinga kupita kuchipatala. Adokotala anandikalipira. Anati munthu womwa mmene ndinkamwera ine akasiya mwadzidzidzi payekha akhoza kufa nazo. Anandigoneka masiku angapo, anandipatsa mankhwala. Ndiye ngati pali wina pano amene manja amamunjenjemera m'mawa, asachite ungwazi. Pitani kuchipatala mukanene zoona za mmene mumamwera, osachotserapo kapu ndi imodzi yomwe.

Nditakhala miyezi itatu osalawa, ndinadziona ngati woyera mtima. Ndinabwereka jekete la achimwene, ndinabwera kuno molunjika kudzagwada pakhomo pa a Nankhoma. Anandipatsa mpando panja, anandipatsa madzi, anandifunsa za moyo wa anthu ku Mphunzi, n'kunditsazika dzuwa likadalipo. Pobwerera ndinadzera pamsika, ndinamwa. Inde, ndinagwanso, ndipo ndinagwanso kachiwiri pa Khirisimasi. Amene angakuuzeni kuti anasiya kamodzi n'kusiyiratu mwina akunena zoona, koma ameneyo si ine.

Ulendo wachiwiriwo ananditola ndi a Gervazio. Sanandilalikire. Anati akufuna munthu woponda dothi ndi kusenza njerwa, ndipo anandipezera kachipinda kwa mnzawo wina kuno. M'mawa uliwonse tisanayambe ntchito ankandiika levulo pachikhatho, n'kuyang'ana, n'kuichotsa. Miyezi yoyamba kathovu kankavina. Kenako kankangogwedera. Tsiku limene kanaima pakati anangoti, "Lero mzere woyamba muyala ndinu." Ndinayala njerwa misozi ikutsika, iwo akuchita ngati sakuona. Pezani munthu wotero, abale, wokuonani tsiku ndi tsiku, amene simungamunamize. Si kuti akhale wodziwa kulankhula.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti ndichite chiyani kuti a Nankhoma andilole. Anapala matope pa njerwa, kenako anati, "Si inu munkati mpira wina saulozera molunjika?" Ndiye ndinasiya zopita kukapepesa ndi pakamwa. Nkhokwe ya apongozi itagwa ndinakaiimika iwo ali kumaliro. Khoma long'ambika lija ndinapempha a Gervazio kuti tikaligwetse n'kumanganso, ine ndikugwira ntchito chakunja, osaponda m'nyumba. Kudimba ndinkalima mbali ya kumtsinje, youma gwa ija, n'kuchoka eni ake asanafike. Ndi khasu lomwe lija, a Gervazio analinola. Chaka chathunthu a Nankhoma sananenepo kanthu. Ndinkangodikira, ndipo masiku ena ndinkati basi, uwu ndi mpira uja wosabwerera.

Mufunsa za pulu. Ndodo ndikadali nayo. Chaka choyamba sindinayandikire tebulo. Tsopano eni matebulo amandiitana kukaika nsalu ndi kulinganiza miyendo, ndipo ndimapita masana, ndi mnzanga wosamwa. Ndikamaliza ndimasisita nsalu, ndimagubuduza mpira, ndimamenya katatu, n'kumuuza mwini wake mmene tebulo lake likufunira kuba. Akati tisewereko imodzi, wogonja agula, ndimanyamula chikwama. Mtima umafuna, musaganize kuti sufuna. Moni uja ndimadzipatsanso ndekha m'mawa uliwonse, chifukwa nanenso sindidzuka chimodzimodzi. Tsiku lina ndadzuka wokwiya, tsiku lina ndadzuka ndikudzimva kuti ndachira, lomwe ndi loopsa kuposa onse, tsiku lina ndamva kwa anthu kuti Tereza anadwala ndipo palibe anandiuza. Masiku otero pamsika sindidutsa. Ndimazungulira njira ya kumanda ngakhale ndi yaitali.

N'zotopetsa, sindikubisirani. Palibe amakuombera m'manja chifukwa wadzera njira ya kumanda. Inu anzanga amene mwawerama kumbuyoko, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwina inu si pulu, mwina ndi bawo kapena mpira wa pa kanema, koma mukamva pakamwa panu pakutuluka mawu oti tebulo lapendekeka kawiri katatu pa sabata, tambasulani dzanja muliyang'ane.

Ndimalize, ndakusungani. Lachinayi lapitali tinali pa nyumba ina tikumanga. Masana ndinaona a Nankhoma akubwera ndi chigubu cha thobwa pamutu. Ndinaganiza kuti abweretsera malume awo, ndiye ndinapitiriza kuyala njerwa. Anawathirira malumewo, anamwa. Kenako anatsuka kapu yomweyo, anathira mpaka pamlomo penipeni, poti ukangopuma latayika, n'kubwera pamene ndinali. Anandipatsira ndi manja awiri. Sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana dzanja.

Ndinalandira. Ndinaigwira m'malere. Ndinkaopa kuti mantha okhawo andigwedeza, iwo n'kuganiza zina. A Gervazio anapeza chochita kuseri kwa khoma. Tinaima choncho awiri, tikuyang'ana kapu ya thobwa. Silinadonthe.

"Imwani, bambo a Tereza," anatero. Nditamwa anatenga kapu, anatseka chigubu chawo, anasenza. Atayenda pang'ono anaima, osatembenuka kwenikweni.

"Denga la kuchipinda limadontha, ndipo mvula ili pafupi. Podonthapo pamaonekera mkati."

Mawa Lolemba ndikupita ndi makwerero ndi mitolo ya udzu. Kaya akandiuza ndikhale, kaya akandipatsa madzi n'kunditsazika dzuwa likadalipo, sindikudziwa, ndipo zodzinamiza ndinatopa nazo. Mundikumbukire m'mapemphero anu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikafika pakhomo paja ndikatula udzu pansi, ndikaodira, ndipo ndikaima pomwepo mpaka andiyankhe.